Alamu ya utsi aiveka sokosi, pa Khirisimasi nyumba idzadzaza: ndithandizeni nzeru

NaBanda_Luton
Abale ndi alongo, ndabwera ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo. Tikukhala anthu asanu m'nyumba ya lendi kuno ku England, aliyense chipinda chake, khitchini imodzi. Alamu ya utsi ili m'kolido pafupi ndi chitseko cha khitchini, ndiye munthu ukangoyamba kukazinga nsomba kapena mandasi imayamba kulira. Mnzathu wina amene amagwira ntchito usiku inamutopetsa, waiveka sokosi, ndipo sokosiyo ili pompo mpaka lero. Ya m'mwamba anaichotsa batire ati inkasokosa usiku. Kuwonjezera apo, popeza gasi wakwera mtengo, tinagwirizana kuti boyila yotenthetsa nyumba yonse iziyaka maola ochepa, ndiye aliyense wagula hita yake, ena akumayanikapo yunifomu. Pa 25 Disembala tikulandira anzathu a kutchalitchi, ena abwera ndi ana, ena agona konkuno. Ndikalankhula akuti ndine wamantha. Kodi ndikuwonjeza? Nanga alandilodi ali ndi udindo wanji pa zimenezi?

Chimwene_wa_Ndirande
Simukuwonjeza ayi achemwali. Kachotseni sokosiyo lero lomwe, zokambirana zibwere pambuyo.

AnamwinoLeeds
Anabanda, mwachita bwino kufunsa. Ndiyambe ndi alamu ya m'mwambayo. Ikamalira kamodzikamodzi, patapita kanthawi n'kuliranso, ndiye kuti batire latha, kapena alamuyo yakalamba. Ikufuna batire latsopano, osati kuichotsa lomwe lilimo n'kuisiya yopanda kanthu. Muyang'anenso kumbuyo kwake, pamalembedwa chaka. Alamu imasinthidwa ikakwanitsa zaka 10 ngakhale ikuoneka yabwinobwino.

Za alandilodi, lamulo la ku England ndi lomveka. Kuyambira 2015 mwini nyumba ya lendi ayenera kuika alamu ya utsi imodzi kapena kuposerapo pa nsanjika iliyonse yomwe mumakhala anthu. Pa 1 Okutobala 2022 analiwonjezera mphamvu: payenera kukhalanso alamu ya carbon monoxide (mpweya wakupha wosaoneka) m'chipinda chomwe muli boyila kapena chotenthetsera china choyaka moto chomangiriridwa pamenepo, kupatula sitovu ya gasi yophikira, ndipo mukamuuza kuti alamu yafa ayenera kuikonza kapena kuisintha. Akakana, khonsolo ikhoza kumulipiritsa mpaka mapaundi 5,000. Mulembereni uthenga, musangomuimbira foni, kuti pakhale umboni.

Koma vuto lanu lenileni ndi malo omwe alamu ya pansiyo ili. Khitchini imafuna alamu yomva kutentha, osati yomva utsi. Yomva kutentha siilira chifukwa cha usipa wokazinga, imalira kutentha kukakwera mopitirira muyeso. Ya utsiyo aisunthire patali ndi chitseko cha khitchini, ndipo pophika muzitseka chitsekocho n'kutsegula zenera.

Mphwanga265
Zonsezo n'zoona koma tisamuweruze kwambiri wa sokosiyo. Munthu wagwira shifiti ya maola 12 kunyamula okalamba, wafika m'mawa, wangotseka maso, chinthu chija chayamba kulira chifukwa wina akuwotcha buledi. Inunso chikhoza kukukwiyitsani.

Chimwene_wa_Ndirande
Tikumumvetsa, koma iyeyo ndiye amene alamu ikumuteteza kuposa onse, chifukwa ndi amene amakhala m'tulo anzake akuphika. Utsi sudzutsa munthu, umamugoneka kwambiri.

GogoWaCoventry
Ana anga, ine ndakhala kuno nthawi yaitali. Chomwe ndimaona ndi chakuti tinabwera ndi makhalidwe a nyumba za kwathu n'kulowa nawo m'nyumba zina. Kwathu nyumba ndi ya njerwa, pansi simenti, khitchini nthawi zambiri ili panja, moto ukalakwika umaonekera msanga ndipo chitseko chili pafupi. Kuno pansi pali kapeti, masitepe ndi a matabwa, makatani ndi okhuthala, mawindo otseka kuti mphepo isalowe, ndipo tonse timagona m'mwamba pomwe khitchini ili pansi. Utsi umakwera masitepe omwewo amene inu muyenera kutsikira. N'chifukwa chake ine usiku uliwonse ndisanagone ndimatseka zitseko zonse za pansi, makamaka cha khitchini ndi cha pabalaza, ndipo makiyi amakhala pa msomali wake pafupi ndi chitseko chotulukira, pomwe aliyense akudziwa. Alendo anu ogonawo muwasonyeze pomwe pali makiyi asanagone. Mlendo sadziwa kuti chitseko chanu chimatsegulidwa bwanji, ndipo mu utsi simuoneka kanthu.

WaMagetsi_Brum
Ine ndilankhule za mahita, chifukwa pa zonse zomwe mwatchula zomwe zandiopsa ndi zimenezo. Ekisitenshoni wamba ya kuno imanyamula ma amp 13, omwe ndi pafupifupi ma watt 3,000 onse pamodzi. Kaya ili ndi mabowo anayi kapena asanu ndi limodzi, malire ndi omwewo. Hita yamphepo imadya pafupifupi ma watt 2,000. Ketulo yokha imafika pafupifupi 3,000. Ndiye wina m'chipinda mwake ali ndi hita, ketulo ndi ayironi pa ekisitenshoni imodzi, mwina yolumikizidwanso ku ekisitenshoni ina. Fyuzi ikhoza kuphulika n'kukupulumutsani, koma ma ekisitenshoni otchipa ogula pa intaneti ena alibe fyuzi yoyenera, amangotentha mpaka pulasitiki kusungunuka.

Hita ilowe pa soketi ya pakhoma mwachindunji, payokha. Ikhale pansi posalala, mtunda wa mita imodzi kuchoka pa bedi, makatani ndi zovala. Musagone ikuyaka, musatuluke m'nyumba ikuyaka. Yunifomu musayanike pa hita, chifukwa nsalu ikatseka potulukira mphepo hitayo imatentha kuposa muyeso. Ngati n'kotheka gulani zamafuta m'kati zija zooneka ngati radiator, zilibe waya wofiira woonekera, ngakhale nazonso siziyenera kufunditsidwa zovala.

Gwirani pulagi hita itayaka kwa kanthawi. Ngati ikuwotcha, kapena pa soketi pali kuda ngati pamene panapsa, kapena mukumva kafungo ngati ka nsomba pomwe palibe amene waphika, zimitsani ndipo muuzeni mwini nyumba tsiku lomwelo.

Mphwanga265
Achimwene, mukunena bwino, koma zovala tiziyanika kuti? Panja kukugwa mvula tsiku ndi tsiku, dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane, yunifomu ikufunika m'mawa.

WaMagetsi_Brum
Pa choyanikira chachitsulo chija, chiime patali ndi hita, zenera litsegulidwe pang'ono kuti chinyontho chizituluka. Zimachedwa kuuma, inde. Ndipo muwerengere bwino: mahita asanu a magetsi m'zipinda zisanu amadya ndalama zambiri kuposa kuyatsa boyila ya gasi kwa nyumba yonse, chifukwa kuno magetsi ndi okwera mtengo kuposa gasi kangapo. Anabanda, mwina mgwirizano wanu uja ukukuwonongerani ndalama m'malo mokusungirani. Amene muli ndi makina oumitsira zovala, muzichotsa thonje lomwe limaunjikana pa sefa mukangomaliza kuumitsa, ndipo musamawasiye akuzungulira inu mukukagona.

NaBanda_Luton
Za mtengo wa magetsizo sindinaziganizire. Ndiwaonetsa anzanga uthengawu, mwina ndalama ndi zomwe ziwatembenuze mtima.

MayiWaMapasa
Ine nkhawa yanga ndi tsiku la phwandolo. Tonse tikudziwa momwe zimakhalira. Chiwaya cha tchipisi chili pamoto, nkhuku ili mu uvuni, mpunga uko, kenako foni ya vidiyo ikulowa kuchokera ku Lilongwe, amayi akufuna aone adzukulu, wophika wathamangira pabalaza. Mafuta sadikira munthu. Ozimitsa moto a kuno amati pafupifupi theka la moto wangozi wa m'nyumba umayambira pa zophika. Pa tsikulo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi khitchini basi, asamwe mowa mpaka moto wonse utazimitsidwa, ndipo ana asalowemo. Mafuta m'chiwaya asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu. Akayamba kufuka utsi ndiye kuti atentha kwambiri, zimitsani sitovu, musaikemo chakudya.

Chimwene_wa_Ndirande
Ndipo mafuta akayaka mungonyowetsa thawulo n'kuvundikira. Ife tinaphunzitsidwa choncho.

AnamwinoLeeds
Ayi achimwene, malangizo amenewo anasiyidwa. Thawulo lonyowa likhoza kudontha madzi m'mafuta, ndipo madzi akagwera m'mafuta oyaka amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mafutawo, lawi limafika kudenga. Komanso poyandikira kuti muvundikire m'pamene manja ndi nkhope zimapsa. Zomwe amalangiza panopa ndi izi: ngati mungafikire batani popanda kudutsitsa mkono pa lawi, zimitsani sitovu. Musanyamule chiwayacho. Musathire madzi. Tulukani, tsekani chitseko cha khitchini, tulutsani aliyense, imbani nambala ya ngozi ya 999 muli panja. Mabala a moto omwe ndimawaona pantchito ambiri ndi a anthu amene ankafuna kuthamangira panja ndi poto woyaka.

Chimwene_wa_Ndirande
Ndiye nyumba yonse ipse chifukwa cha poto mmodzi? Ine sindingathawe kamoto kakang'ono.

AnamwinoLeeds
Ngati muli ndi bulangete lozimitsira moto lopachikidwa pakhoma la khitchini ndipo mumadziwa kagwiritsidwe kake, pa kamoto kongoyamba kumene likhoza kuthandiza. M'nyumba zambiri zokhala anthu osiyanasiyana limakhalapo. Koma ana akakhala m'nyumbamo, ntchito yanu yoyamba ndi kuwatulutsa. Chitseko chotseka chimaugwira motowo kwa kanthawi pomwe ozimitsa ali m'njira.

Tate_wa_ku_Dedza
Funso langa ndi ili. Ukaimba 999 ozimitsa moto n'kubwera, samakulipiritsa? Ndipo safunsa mapepala? Ambiri a ife tili pa viza ya ntchito, ena nyumba anatipezera ndi abwana omwe anatibweretsa. Munthu umaopa kuti ukachita phokoso ndi alandilodi kapena kuitana boma pakhomo, mawa akuuza kuti usamuke, mwinanso ntchito ithe. N'chifukwa chake anthu amangokhala chete.

GogoWaCoventry
Mwana wanga, ozimitsa moto salipiritsa pobwera kudzazimitsa nyumba yomwe ikupsa. Ntchito yawo ndi moto. Amabweranso kwaulere moto usanachitike, kudzayendera nyumba, kuona mawaya, kukambirana nanu njira yothawira, ndipo pomwe pakufunika amakuikirani alamu osalipira. London Fire Brigade, nthambi yozimitsa moto ku London, imachita zimenezi, ndipo madera enanso ali ndi dongosolo lotere, ena amalitcha Safe and Well. Amayambira okalamba, olumala ndi ena omwe ali pa chiopsezo chachikulu, koma aliyense akhoza kufunsa. Mantha anuwo ndikuwamvetsa, si opanda pake, anthu ena azunzika ndi mabwana oipa. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kupempha alamu yogwira ntchito si mlandu, ndi ufulu wanu wolembedwa m'lamulo, kaya munabadwira kuno kaya munabwera chaka chatha.

Mlongo_Glasgow
Kuno ku Scotland lamulo ndi lokhwima kuposa kumeneko. Kuyambira Febuluwale 2022 nyumba iliyonse, ya lendi kapena yogula, iyenera kukhala ndi alamu zolumikizana: ya utsi pabalaza, ya utsi m'kolido ya nsanjika iliyonse, ndi yomva kutentha kukhitchini. Imodzi ikalira zonse zimalira. Ine ndimagona chipinda chakutali ndi khitchini, ndiye zimenezi zimandipatsa mtendere.

WakuJoni_011
Moni nonse a ku Mangalande. Kuno ku Joni Disembala ndi dzuwa, kuzizira kwathu ndi Juni ndi Julaye, koma nkhaniyi ndi yathunso. M'nyengo yozizira ma shaki, tinyumba ta zisakasa tija, amapsa chifukwa cha makandulo, masitovu a palafini ndi mbaula, ndipo ikapsa imodzi zimatsatana chifukwa n'zothinana. Ambiri mukukumbukira nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, Johannesburg, yomwe inapsa pa 31 Ogasiti 2023. Anthu 76 anamwalira, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu. Chomwe chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti zipata zokhoma zomwe anthu anaika poopa mbava ndi zomwe zinawatsekereza. Ndiye zomwe anena agogo za makiyi musazitenge mopepuka.

NaPhiri_Mzuzu
Ngakhale kuno ku Malawi zitsulo za m'mawindo ndi choncho. Timatchinga wakuba n'kudzitsekera tokha. Magetsi akazima, mwana akuwerenga ndi kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu, tulo tamupeza. Ndipo nthawi ya chisanu kuno kumpoto anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka zonse, m'mawa osadzuka.

Mphwanga265
Pa nkhani ya makala, ife pa Boxing Day tinakonza zowotcha nyama m'galaja chifukwa cha mvula. Chitseko chachikulu chikhala chotsegula theka. Zili bwino?

AnamwinoLeeds
Sizili bwino mphwanga, chonde musatero. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya umene suoneka ndipo sununkha. Amapitiriza kuutulutsa ngakhale lawi litazima, makala akungonyeka pansi pa phulusa. Chitseko chotsegula theka sichikwanira, ndipo ngati galajayo yalumikizana ndi nyumba mpweyawo umalowa m'kati. Zizindikiro zake zimanamiza: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kufooka. Pa phwando aliyense aganiza kuti ndi mowa kapena chimfine. Mukaona anthu angapo akudandaula mutu nthawi imodzi, n'kupeza bwino akatuluka panja, tulukani nonse ndipo imbani 999 ngati wina wakomoka kapena akuvutika kupuma. Mukakayikira kuti ndi boyila kapena mukamva fungo la gasi, nambala ya ngozi za gasi ndi 0800 111 999. Nyamayo wotcherani panja penipeni, wina agwire ambulera, kapena ingoikani mu uvuni.

Tate_wa_ku_Dedza
Nyama ya mu uvuni si kanyenya, amayi. Koma tamva. Nanga mbuzi yabwino anthu mukuigula kuti chaka chino? Komwe ndinkagula akweza.

MayiWaMapasa
Yesani mabutchala a halal, mukagula mwendo wonse amatsitsa ndipo amakudulirani. Ufa nawonso gulani msanga, sabata ya Khirisimasi umasowa m'mashopu a zakudya za ku Africa.

Admin_Gulu
Za mbuzi ndi ufa tsegulani mutu wina chonde. Tibwerere ku moto, nkhaniyi ikuthandiza anthu.

Mlongo_Glasgow
Tibwerere ndi mtengo wa Khirisimasi. Ana akundikakamiza weniweni wa paini. Ine ndikuopa.

GogoWaCoventry
Weniweni ulibe vuto ngati ukumwa madzi. Mudule pang'ono kunsi kwa tsinde, muuimike m'choikira chokhala ndi madzi, muziwonjezera tsiku ndi tsiku, ndipo ukhale kutali ndi radiator ndi hita. Woopsa ndi wouma, umene masamba ake akuyoyoka mukaugwedeza. Umenewo ukagwira moto umayaka wonse m'kanthawi kochepa kwambiri. Ukauma muutulutse, musadikire Januwale atapita. Nyali zake zikhale za LED, zomwe sizitentha kwambiri, ndipo muzizimitsa pogona ndi potuluka. Usaime pa njira ya kuchitseko.

WaMagetsi_Brum
Ndipo nyali zomwe zagona m'katoni chaka chonse muziyang'ane waya wake musanazipachike. Pomwe pasupuka musamange ndi tepi, tayani. Za panja zikhale zolembedwa kuti n'za panja.

MayiWaMapasa
Makandulo onunkhira aja omwe timapatsana ngati mphatso nawonso. Ine kwanga ndinaletsa chifukwa cha ana, ndimagwiritsa a batire. Mnansi wathu wina katani lake linagwira moto chifukwa cha kakandulo kakang'ono ka m'kachitini komwe anaika pa zenera. Mwayi anali m'chipindamo, koma khoma lonse linada ndipo dzanja linapsa.

Carer_Nottingham
Ambiri pano timasamalira okalamba, ndiye ndiwonjezere chinthu chomwe sichitchulidwa kawirikawiri. Mafuta odzola a khungu louma omwe timawapaka makasitomala athu, ngakhale omwe timapaka ana athu a zidzolo, amalowerera m'zovala, m'mabandeji ndi m'zofunda. Nsalu yotere ikauma imagwira moto msanga ndipo imayaka kwambiri. Bungwe la MHRA, loona za mankhwala kuno ku UK, linachenjeza za izi mu 2018, ndipo linati ngakhale mafuta opanda palafini ali ndi chiopsezo chomwecho. Kuchapa kumachepetsa koma sikuchotseratu. Ndiye ngati gogo amene mukumusamalira amasuta fodya pampando kapena pabedi, kapena amakhala moyandikira hita, kapena abale ake amubweretsera makandulo a Khirisimasi, lembani mu lipoti ndipo muwauze akuluakulu a pantchito. Akakhala pa oxygen ndiye kandulo kapena ndudu zisayandikire n'komwe. Mabulangete a magetsi nawo muziwaona: likapitirira zaka 10, kapena waya ukuonekera, lisinthidwe, ndipo lisagwiritsidwe pamodzi ndi botolo la madzi otentha.

Flat14_Croydon
Ife a m'nyumba zosanja zitalizitali tichite bwanji? Pakhoma panalembedwa kuti moto ukabuka kwa wina tikhale m'nyumba mwathu. Ine chichitikireni za Grenfell Tower, nyumba yosanja ija inapsa ku London, sindikhulupirira zimenezo. Anthu 72 anafa ndi moto wa mu Juni 2017 uja, ambiri atauzidwa kuti adikire. Ndipo moto wake unayambira pa fuliji chabe.

WaMagetsi_Brum
Mantha anu ali ndi maziko. Lamulo lokhala m'nyumbalo limadalira kuti fulati iliyonse inamangidwa moti igwire moto m'kati mwake. Ku Grenfell zomatira za kunja kwa khoma zinayendetsa motowo kuzungulira nyumba yonse, ndiye dongosololo linalephera. Kuchokera pamenepo nyumba zina anazisintha kuti aliyense azituluka alamu ikalira. Funsani oyang'anira nyumba yanu kuti yanuyo ili pa dongosolo liti panopa. Koma paliponse, moto ukakhala m'fulati mwanu, kapena utsi ndi kutentha zikukufikani, tulukani, tsekani chitseko kumbuyo kwanu, tsikani pa masitepe, osati pa lifiti.

Flat14_Croydon
Ine ndikangomva fungo la utsi ndikutuluka ndi ana anga, zolembedwazo zitsale.

Rider_E17
Funso lomwe palibe walitchula. Ine ndimaperekera zakudya pa njinga ya batire, ndipo Disembala ndi mwezi wa ndalama. Ndimafika pakati pa usiku, ndimaitchaja m'kolido pansi pa masitepe mpaka m'mawa chifukwa chipinda changa n'chaching'ono. Tchaja yake yeniyeni inafa, ndinagula ina pa intaneti. Pali vuto?

WaMagetsi_Brum
Lilipo lalikulu, ndipo mwatchula zinthu zitatu zoopsa pakamodzi: m'kolido, usiku anthu ali m'tulo, ndi tchaja yosakhala yake. Batire la lithium likalakwika siliyamba pang'onopang'ono, limaphulika ndi lawi lamphamvu ndi utsi wapoizoni, ndipo pansi pa masitepe ndi pomwe aliyense wa m'mwamba ayenera kudutsa. Mu 2023 anthu atatu anamwalira mu London ndi moto wa mabatire otere, n'chifukwa chake London Fire Brigade ili ndi kampeni yotchedwa ChargeSafe. Tchaja ya mphamvu yosagwirizana ndi batire imalidzaza mopitirira. Pezani yochokera kwa omwe anapanga batirelo. Muzitchaja muli maso, m'chipinda chokhala ndi alamu ndi chitseko chotseka, kutali ndi potulukira, ndipo likadzaza muzizula. Mukangofika lisiyeni lizizire kaye. Likayamba kutupa, kutentha modabwitsa, kununkha kapena kuchita phokoso, lisalowenso m'nyumba.

Rider_E17
Ndiye kuti ndizitchaja m'mawa ndikadzuka, ndizinyamuka mochedwerako. Tchaja yoyenera ndiidziwa bwanji? Batire langa lalembedwa 48V.

WaMagetsi_Brum
Mabatire ambiri a lithium olembedwa 48V amafuna tchaja yotulutsa 54.6V, koma si onse, zimatengera mtundu wa timabatire ta m'kati. Jambulani chikwangwani cha pa batire ndi cha pa tchaja muli nayoyo munditumizire kumbali ndione. Mpaka titatsimikiza, usiku uno musailumikize.